Anaiyesa chisa cha mavu, kansi ni nyale ya ku Japan

Loweruka lapitali ndinali ku Palabana, kuja kwa ng'ombe za mkaka m'boma la Chongwe. Sindinapite kukagula mkaka iyai. Woimba wina wachinyamata, amene dzina ndimusungira chifukwa nyimbo yake ikalibe kutuluka, anali kujambula vidiyo pa famu ina ndipo anandiitana kuti ndikaoneko. Mudziwa kale mmene mavidiyo athu ayendera. Ati tiyamba 10 koloko m'mawa, koma kamera inayamba ntchito dzuwa litapendeka, atsikana ovina atadzola kale kawiri, ine nditadya mabanzi atatu ndi kudziwana ndi ng'ombe zonse za pa famupo.

Za nyimbo tidzakamba ikatuluka. Lero ndifuna tikambe za chinthu chimene chinaima pa kona m'chipinda chochezera cha ambuya, eni ake a famu.

Kutada, mkulu wa vidiyo anati tilowe m'nyumba tijambule mbali yachikondi, paja woimba akhala pa sofa n'kumayang'ana foni ngati wasiyidwa. Anyamata anayamba kusuntha katundu. Pa kona panaima chinthu cha miyendo itatu yachitsulo, yoonda ngati ya kakowa, pamwamba pake chimimba chachikulu cha pepala, kutalika kufika pachifuwa panga. Mtundu wake ngati tiyi wothira mkaka. Mnyamata wina wonyamula mawaya anachigwira pa pepala penipeni n'kunena kuti, "Ichi chisa cha mavu tichoseko, chizaononga shoti." Mnzake panja anayankha kuti achibweretse ayatsire mbaula.

Sindinaonepo munthu wachikulire akuimirira msanga chotero. "Iwe! Faka pansi bwino-bwino. Iyo nyale ni ikulu kuchila iwe, olo amai ako inabapeza bali ku sukulu." Mnyamata anaibweza ngati wagwira mwana wa eni. Ambuya anaongola mwendo umodzi, n'kulowetsa pulagi ku magetsi a sola, n'kuyatsa.

Imwe, chipinda chinasintha. Kuwala sikunachoke pa malo amodzi n'kukulasa m'maso monga achitira mababu athu. Chimimba chonse chija chinayaka mofewa, ngati mwezi walowa m'nyumba n'kukhala pa kona. Timizere ta nsungwi tinaonekera mkati mozungulira. Nkhope ya woimba wathu, imene masana inali kunyezimira thukuta ndi paudala, inaoneka yosalala ngati ya munthu amene alibe nkhongole. Mkulu wa vidiyo anakhala chete pang'ono, ndiye anauza anyamata kuti azimitse malaiti ake awiri amene anachita kubwereka ndi ndalama. Mbali yonseyo anaijambula ndi chisa cha mavu.

Ena ali kalikiliki ndi kamera, ine ndinakhala ndi ambuya ku khichini. Anandiuza kuti nyaleyo anawasiyira m'Japanizi wina amene anagwirako ntchito za ulimi kuno zaka zambiri zapitazo, mnzawo wa malemu amuna awo. Pobwerera kwawo anawapatsa kabokosi kaphwatalala, iwo n'kumayesa muli kalenda. Anatsegula, anakoka, pepala linafutukuka n'kukhala nyale. Anandionetsa kachidindo kofiira m'munsi mwa pepala, dzuwa ndi mwezi, pambali pake dzina lolembedwa: I. Noguchi. Ndiye anatsitsa mawu. Chaka chija cha chilala, ng'ombe zitasowa msipu, kunabwera munthu wogula mipando yakale n'kuwauza kuti awapatsa K500. Mdzukulu wawo anati tengani ambuya, tigule chakudya cha ng'ombe, pepala chabe ili. "Nenze pafupi kuvomela, mwanangu," anatero. "Manje n'naona mwamene anali kuiyanganila uja mwamuna. Munthu sayangana pepala so."

Ambuya anaona bwino. Ndafufuza sabata yonse, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Ife Japan timaidziwira pa mamotoka. Vitz, Corolla, Noah, ma Hiace amene atitenga kupita mu tauni, ngakhale msewu uja wa Tokyo Way. Koma dzina lili pa nyale ya ambuya ndi la Isamu Noguchi, mmodzi mwa osema ziboliboli otchuka a zaka za m'ma 1900. Anabadwira ku Los Angeles mu 1904. Atate ake, Yone Noguchi, anali wolemba ndakatulo wa ku Japan, amai ake, Léonie Gilmour, anali a ku America. Anakulira mbali ziwiri, ndipo mbali zonse ziwiri zinamuona ngati mlendo. Amene muli ndi atate a mtundu wina, amai a mtundu wina, n'kumafunsidwa pa maliro paliponse kuti kwanu kwenikweni ni kuti, mwamva kale. Mu 1927 anapita ku Paris kukagwira ntchito pansi pa wosema wamkulu Constantin Brâncuși. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la America litayamba kutsekera anthu a magazi a chiJapanizi m'misasa, iye analowa yekha mu msasa wa Poston ku Arizona mu 1942, poganiza kuti akathandiza kukonza umoyo wa anthu mmenemo. Kulowa kunali kosavuta, kutuluka ndiye kunamutengera miyezi.

Popeza tsamba lino ndi la zosangalatsa, sindingakubiseni kuti mudala uyu sanali wogona. Anapanga zokongoletsa pa siteji za wovina wotchuka Martha Graham kwa zaka zambiri, anakwatirapo katswiri wa mafilimu Yoshiko Yamaguchi, ndipo ali ku Mexico anagwa m'chikondi ndi wojambula Frida Kahlo, amene panthawiyo anali mkazi wa mwini. Akanakhala wa mu Lusaka, bwenzi tikumulemba sabata iliyonse.

Nyale inabwera mu 1951. Noguchi anafika mu mzinda wa Gifu, umene unadziwika kalekale ndi nyale za pepala ndi nsungwi zoyatsa ndi kandulo. Kumeneko asodzi a pa mtsinje wa Nagara amagwira nsomba usiku ndi mbalame zomira m'madzi, moto ukuyaka kutsogolo kwa bwato, monga mmene a kapenta pa Kariba amayatsira magetsi kuti nsomba zibwere. Koma malonda a nyale anali atagwa. Magetsi anafika m'manyumba, nkhondo inasaukitsa anthu, nyale za makolo zinasanduka zokongoletsa zotchipa za pa zikondwerero. Meya wa mzindawo anapempha Noguchi kuti athandize. Iye sanauze amisiri kuti tayani luso lanu. Anachotsa kandulo n'kuikamo babu, anasintha maonekedwe, ena ozungulira, ena aatali ngati mtondo, ena opindika ngati dzungu losakula bwino, ndipo ambiri anawaimika pa timiyendo ta waya kuti aziima okha pansi kapena pa tebulo. Anazitcha Akari, liwu la chiJapanizi lotanthauza kuwala. Chilembo chake chimaphatikiza dzuwa ndi mwezi, n'chifukwa chake kachidindo kofiira kaja. Anapitiriza kupanga mitundu yatsopano mpaka inapitirira 100, ndipo kampani ya banja ya Ozeki ku Gifu ikali kuzipanga ndi manja mpaka lero, ngakhale mwini wake anamwalira mu 1988.

Chimene chandigwira mtima ine ndi ichi: Noguchi sanavomere kuti izi ndi nyale chabe. Anaumirira kuti ndi ziboliboli, zosemedwa ndi kuwala. Mu 1986, ataimirira America pa chionetsero chachikulu cha zaluso ku Venice, anaika ma Akari pamodzi ndi ntchito zake za mwala, ndipo akatswiri ena ananyinyirika kuti wabweretsa katundu wa mu shopu pa malo aulemu. Ife kuno tikamva chiboliboli timaganiza Freedom Statue, kapena chija cha womaliza maphunziro pa UNZA chimene anapanga Henry Tayali. Chinthu cholemera, choima panja, chojambulitsirapo zithunzi tsiku la graduweshoni. Uyu anati chiboliboli chingathe kupepuka ngati nkhuku, n'kupindika kulowa mu envelopu, n'kukhala m'chipinda cha munthu wa lendi amene mwezi wamawa asamuka. Amene mwasamukapo ndi wilibala usiku chifukwa alandilodi akwiya, muganizireni bwino munthu uyu.

Kapangidwe kake n'kosabisika. Amisiri amayamba ndi chikombole cha matabwa: timatabwa tingapo toimirira mozungulira ngati zigawo za lalanje, togwidwa ndi thabwa lozungulira pamwamba ndi lina pansi. M'mphepete mwa timatabwato muli timipata. Amatenga nsungwi yong'ambidwa mopyapyala kwambiri n'kuikulunga mozungulira, kuchoka pansi kufika pamwamba, ikugona m'timipata tija. Amapaka guluu pa nsungwi, n'kuyala pepala chigawo chimodzi chimodzi, kudula zotsala ndi lumo. Likauma, amachotsa matabwa ozungulira aja, n'kusolola timatabwa kamodzi kamodzi potulukira pa kamwa. Chotsala ndi pepala ndi nsungwi zokha, zopindika ngati kodiyoni. Kawaya ka mkati ndi kamene kamaitambasula kuti iime.

Chinsinsi chili pa pepala. Amalitcha washi, ndipo amalipanga ndi khungwa lamkati la mtengo wa kozo, wachibale wa malubeni aja tinali kuba ku mayadi tili ana. Ulusi wake ndi wautali, ndiye pepala limakhala lopyapyala koma lolimba, ndipo kuwala kukadutsamo kumamwazika m'malo molasa. Likakalamba limasanduka lachikasu, ndiye mtundu wa tiyi uja ndinaona kwa ambuya. Osonkhanitsa zinthu zakale amaukonda mtundu umenewo. Yatsopano yoima pansi imagulidwa madola mahandiredi angapo, ndipo zakale zenizeni zosungidwa bwino zimafika masauzande a madola pa misika yobetcherana mitengo ku Ulaya ndi ku America. Ndiye bwererani pa K500 ija.

Manje musathamange kukang'amba siling'i ya ambuya anu kufuna chuma. Nyale za pepala zozungulira zadzaza dziko lonse, za mu fakitale, za waya m'malo mwa nsungwi, ndipo zina mumaziona zitapachikidwa pa makichini pate. Zija ndi zidzukulu za kutali, mtengo wake ndi wa chakudya cha masana. Ngati m'nyumba mwanu muli yakale yokhala ndi chidindo, makamaka imwe amene makolo anagwirapo ntchito m'mayadi a ku Kabulonga n'kupatsidwa katundu azungu kapena maJapanizi pochoka, musaipukute ndi nsalu yonyowa, musaimate selotepu ikang'ambika, musataye miyendo kapena bokosi lake. Jambulani chidindo, miyendo ndi mkati, muonetse anthu oposa mmodzi odziwa za katundu wakale, chifukwa chidindo nachonso anthu amakopera. Ndipo munthu akafulumira kutulutsa ndalama m'thumba pa chinthu chimene imwe mumachiyesa zinyalala, muuzeni abwere mawa.

Koma nkhani yanga yeniyeni si ya kugulitsa. Ndi ya zipinda zathu.

Taganizani mmene timawalitsira m'nyumba mu komboni. Babu limodzi pakati pa denga, lopanda chovala, loyera mbuu ngati la mu butchala. Timagula sofa ya nkhongole, makatani a ku Kamwala, kapeti, TV yaikulu kuposa khoma, ndiye zonsezo timaziwalitsa ngati tili pa polisi kulemba sitetimenti. Mlendo akabwera aoneka wodwala. Selufi ukajambula uchita kufuna mafiluta atatu. Ndipo mu 2024, madzi atatsika mu Kariba chifukwa cha chilala, pamene makomboni ambiri anali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku, tinaphunzira tonse kugula mababu otchaja ndi timasola. Zinatithandiza, zoona. Koma pafupifupi onse ndi oyera mopweteka m'maso, ndipo tinazolowera kuganiza kuti kuwala ndi kuwala basi, malinga uone pamene pali mbale.

Yambani ndi chinthu chotchipa. Pa bokosi la babu la LED pamakhala nambala yothera ndi K. Ikakhala 6500K, ndi loyera lija la mu butchala, labwino ku khichini ndi powerenga. Ikakhala 2700K kapena 3000K, kuwala kwake n'kofunda, kopita ku chikasu, kwa pochezera ndi pogona. Mtengo susiyana kwenikweni. Chachiwiri, tsitsani kuwala. Nyale yoima pa kona, yofika m'chiuno kapena pachifuwa, imapangitsa chipinda chimodzi kuoneka ngati chili ndi mbali ziwiri, kwina kowala, kwina kwa kamthunzi. Wa chipinda chimodzi adziwa phindu la kamthunzi: ndiko kumabisala mabaketi.

Ndiye funso limene linandivuta m'minibasi pobwerera: nanga ife chatiletsa n'chiyani? Nsungwi tili nazo. Oluka malichero, mitanga ndi mipando ali m'mbali mwa misewu, ndipo amang'amba nsungwi mopyapyala kuposa mmene mungaganizire. Owotcherera zitsulo ali pa kona iliyonse ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, kupanga mageti ndi mabagla baa tsiku lonse. Matelala ali ndi nsalu zotsala. Anthu atatuwa amakhala mu komboni imodzi, amakwera basi imodzi, koma sanakhalepo pansi kupanga chinthu chimodzi. Ku Gifu kunachitika zomwezo basi: munthu mmodzi anayang'ana luso lakale limene anthu anali atayamba kulinyoza, n'kulifunsa funso latsopano.

Sindinafune kungokamba, ndiye Lachiwiri ndinayesa. Mnzanga wowotcherera anandipindira miyendo itatu ndi mphete ziwiri pa zitsulo zotsala, akuseka kuti, "Boi, iyi ni stendi ya poto olo ni chani?" Bambo wina woluka mitanga anandigulitsa nsungwi zong'amba kale, n'kundilangiza kuti ndiziviike m'madzi usiku wonse kuti zisathyoke popinda. Chikombole ndinadula pa katoni ya firiji.

Yoyamba inali tsoka. Ndinamata ndi nyuzipepala, ino yomwe mukuwerengayi, akonzi andikhululukire. Nditayatsa, kuwala sikunatuluke, koma nkhope ya wandale wina inaonekera chadodolido pakati pa nyale ngati chipuku. Guluu ndinachita kuphika phala la ufa wa chinangwa monga tinkamatira makaiti, ndipo pofika m'mawa mphemvu zinali zitachita phwando. Pepala lofewa lokulungira mphatso linang'ambika ndisanamalize chigawo choyamba. Chimene chinagwira ntchito ndi pepala lopyapyala loonekera limene ojambula mapulani amagwiritsa ntchito, ndi guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi pang'ono. Nsalu yoyera yopyapyala ya thonje nayonso inachita bwino pa kachigawo kamene ndinayesa, ndipo siopa kugwidwa ndi ana. Si washi, kuwala kwake sikufika pa kwa ambuya, koma chipinda changa sichionekanso ngati mu butchala.

Apa ndiye mvetserani, chifukwa tamva kokwanira za nyumba zopsa ndi ana ovulala nthawi ya mdima. Mu nyale ya pepala musaikemo kandulo, musaikemo koloboyi, olo kwa mphindi imodzi. Musaikemo mababu akale aja a waya mkati, amatentha kwambiri. LED yokha, ya mawati ochepa monga 5, ndipo pakati pa babu ndi pepala pazikhala mpata wolowa dzanja mbali zonse. Pamwamba ndi pansi pazikhala potseguka kuti mpweya wotentha uzituluka. Miyendo ikakhala yachitsulo, waya wa magetsi asakhale wolumikiza ndi pulasitiki ya buledi. Ngati simudziwa kulumikiza holuda ndi pulagi, lipirani wodziwa, kapena gwiritsani babu lotchaja lopachika ndi kambedza, lija lilibe waya n'komwe. Ndipo iikeni pamene mwana wokwawa sangaikoke.

Kwa amene mwayamba kale kuwerenga phindu m'mutu, chinthu chimodzi: musalembepo dzina la Noguchi, musajambulepo dzuwa ndi mwezi. Kumeneko ndi kuba, ndiponso n'kudzichepetsa. Musakopere ngakhale maonekedwe ake ndendende. Tili ndi maonekedwe athu: nkhokwe, mtondo, chipanda, mono wogwirira nsomba, ng'oma yaitali. Tangoganizani mono wautali ngati munthu, utaima pa kona ya loji kapena mu vidiyo ya woimba wanu, ukuwala kuchokera mkati. Lembanipo dzina lanu ndi la komboni yanu. Mkulu wa vidiyo uja wandifunsa kale kawiri ngati mnzanga wowotcherera angapange zitatu, chifukwa ambuya anakana kubwereketsa yawo. Anapempha mwaulemu wonse, mpaka kugwada pang'ono. Iwo anati akafuna kuwala kwawo abwere ku Palabana, ndipo abwere atadya.

Yanga yachiwiri yapendekera kumanzere, ndipo msoko umodzi ukuoneka ngati chipsera cha opaleshoni. Dzulo usiku mayi wa nyumba yoyandikana nane anasuzumira pa khomo kudzabwereka machisi, anaiyang'ana nthawi yaitali, ndiye anati, "Ba neba, ichi chisa cha mavu mwagula zingati?"